Atari inagwa chifukwa chonyoza anthu opanga magemu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za kampani ya Atari ya ku America, chifukwa achinyamata ambiri amene amakonda magemu sadziwa mbiri yake.

Nolan Bushnell ndi Ted Dabney anayambitsa kampaniyi ku California mu 1972. Gemu yawo ya Pong inali yosavuta: timizere tiwiri tikubwezerana kadontho pa sikirini. Koma makina oyamba amene anaikidwa m'bala ina anasiya kugwira ntchito chifukwa ndalama zinadzaza m'bokosi. Mu 1976 Warner Communications inagula kampaniyi pa madola pafupifupi 28 miliyoni, ndipo mu 1977 makina osewerera magemu a Atari 2600 anayamba kulowa m'nyumba za anthu.

Chimandipweteka mtima ndi mmene mabwana atsopanowo ankachitira ndi akatswiri olemba magemu. Dzina la wolemba silinkaoneka paliponse, ndipo phindu likachuluka sankamugawirako. Mu 1979 akatswiri anayi anatopa nazo n'kuchoka kukayambitsa kampani yawo ya magemu yotchedwa Activision. Kwa ine, chiswe chinalowa m'nyumba tsiku limenelo.

Pa kugwa kwa Atari, ambiri amaloza chala gemu ya E.T. ya mu 1982. Koma Howard Scott Warshaw, amene analemba gemuyi, anapatsidwa masabata pafupifupi asanu okha kuti aimalize Khirisimasi isanafike. Mlandu ndi wake kapena wa amene anamupatsa nthawi yochepayo?

Mu 1983 Atari inaluza madola opitirira 500 miliyoni, n'kukakwirira katundu wosagulidwa kudzala ku Alamogordo, New Mexico. Mu 1984 Warner inagulitsa gawo la makina a m'nyumba kwa munthu wamalonda wotchedwa Jack Tramiel.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu