Belu la mpingo wathu lisakwere pa sikelo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yatigawa pa mpingo wathu wa kumudzi kuno m'boma la Chipata. Dzina la mpingo sinditchula, chifukwa amene ndikutsutsana nawo ndi abale anga, timadya nawo Mgonero, ndipo sindikufuna kuwayalutsa pagulu. Belu lathu linang'aluka. Tsopano akulu ena a mpingo akuti ligulitsidwe kwa anyamata aja amayenda ndi sikelo m'midzi kugula zitsulo zakutha, ndalama zake tiphatikize pogula zokuzira mawu. Ine ndikukana, ndipo ndikudziwa kuti m'chigawo chathu chino cha Kum'mawa ilipo mipingo yambiri imene mabelu awo ali pa njira yomweyi.

Belulo si lalikulu ayi. Amuna awiri atalipisa pamtengo atha kulinyamula, ngakhale kuti apumira m'njira. Panopa lagona chammbali m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, pakati pa mabenchi othyoka ndi matumba a chimanga cha zopereka za masika, ndipo mavu amanga zisa m'kati mwake. Mng'alu unayambira kumlomo n'kukwera kutalika kwa chikhatho chimodzi. Paphewa pake pali zilembo zoumbidwira m'chitsulo momwemo, koma chaka china tikuyembekezera alendo a ku likulu la mpingo, achinyamata analipaka penti ya siliva kuti lioneke laukhondo, ndiye zilembozo zinakwiririka. Pamene penti yasupuka pakuoneka mtundu wobiriwira, ndipo ukakanda ndi msomali pamatuluka chitsulo chofiirira chowala. Ameneyo ndi mkuwa.

Agogo athu ankanena kuti belu limeneli linabwera pa ngolo ya ng'ombe kuchokera ku mishoni, azungu atapeza lina lokulirapo, ndipo amayi analichingamira kudambo ndi nthungululu. Kuti munthu amvetse kulemera kwa mphatso imeneyi akumbukire mmene katundu ankafikira kuno masiku amenewo. Ankhondo a Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, chaka chotsatira amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anakhazikika pa Magwero. Anatsegula Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905. A Anglican anafika ku Msoro ndi wansembe wachikuda Leonard Kamungu, ndipo a White Fathers anali kale pa Kachebere, tsidya la malire, asanamange Minga ku Petauke. Nthawi yonseyi ku Fort Jameson, Chipata wa lero, kunalibe njanji, ndipo Great East Road inali isanalambulidwe. Katundu wambiri ankakwera ndi mtsinje wa Zambezi mpaka ku Tete, kuchokera kumeneko n'kusenzedwa ndi amtengatenga wapansi, kapena ankadzera ku Nyasaland, Malawi wa lero. Njanji ya Mchinji inafika ku Chipata dzulodzuloli, mu 2010. Choncho belu lililonse la mkuwa limene linalowa m'dziko muno zaka zoyambirirazo linadutsa pa mapewa a makolo athu. Mzungu analigula, inde, koma amene anatupa mapewa ndi kusweka mapazi ndi Achewa, Ansenga ndi Angoni. Anthu akamandiuza kuti belu ndi chinthu cha atsamunda, ndimawafunsa kuti analisenza ndani.

N'chifukwa chakenso mabelu enieni ndi ochepa kuno. Mipingo yambiri ndi masukulu amaimba limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango, kapena chidutswa cha njanji. Sindikunyoza limu, yaitana ana ambiri kusukulu amene lero ndi madokotala. Koma amene anamvapo ziwirizi amadziwa kusiyana kwake. Limu imangoti khwe! n'kuthera pomwepo, pamene belu la mkuwa limang'ung'udza nthawi yaitali, ndipo m'mawa wa mwezi wa June kukazizira lathu linkamveka mpaka midzi ya kutsidya kwa dambo. Tsiku la Sabata linkalira kawiri: loyamba la kukonzeka, lachiwiri la kulowa. Likalira pakati pa sabata, kamodzikamodzi, motalikitsa, anthu ankaika makasu pansi podziwa kuti kwagwa zovuta, mthenga asanafike n'komwe.

Kung'aluka kwake sikunali tsoka kapena ufiti monga ena amanong'onezana. Ndi manja a anthu. Belu linkapachikidwa pa mtanda wa mitengo iwiri, ndipo linkagwedezeka ndi chingwe kuti lilime lake la m'kati limenye lokha. Chiswe chitadya mizati, analitsitsa n'kulimangirira ndi waya pa nthambi. Chingwe chitatha, woimba belu anayamba kulimenya kunja ndi nyundo, kenaka ndi bawuti yaikulu ya thirakitala. Apa ndi pamene panalakwika. Chitsulo cha belu ndi mkuwa wosakaniza ndi tini, pafupifupi magawo anayi a mkuwa pa gawo limodzi la tini. Tiniyo ndi amene amapatsa belu mawu okoma, koma ndi yemweyonso amalichititsa kukhala losapindika, loti likapanikizika limangosweka. Oumba mabelu amanenepetsa dala mbali ya kumlomo kuti lilime lizimenya pamenepo n'kudumpha msanga, belu n'kumanjenjemera momasuka. Nyundo imamenya paliponse pamene dzanja lafika, nthawi zambiri chapamwamba pamene chitsulo n'chopyapyala, komanso imamenya ndi ukali umene lilime silingafike. Sabata lina belu linangoyamba kulira ngati beseni lakale. Atatero, wina analitengera kwa owotcherera mageti ku tauni. Anaika ndodo zowotcherera chitsulo wamba, zimene sizigwirana ndi mkuwa, ndipo kutentha kwa pamalo amodzi kunangotalikitsa mng'aluwo. Chipsera chakuda cha ntchito imeneyo chikadalipo.

Abale anga akuti chinthu chosalira n'chachiyani. Funsoli ndi la nzeru ndipo sindikulipeputsa. Denga lathu likudontha, abusa alibe njinga yabwino, ndipo makolo okalamba okhala kumbuyo samva ulaliki. Zokuzira mawu zikufunikadi. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Wogula zitsulo adzalipima ngati chitsulo wamba, mtengo wa mapoto obooka ndi makasu akutha, podziwa mumtima mwake kuti mkuwa ukagula kangapo kuposa pamenepo akakafika nawo ku Lusaka. Ndalama imene tidzalandire idzathera pa batire limodzi la sola. Ndipo zokuzira mawu timazidziwa moyo wake: zaka zochepa, fumbi lalowa, waya wapsa, kapena akuba athyola zenera. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ngakhale matchalitchi a m'tauni anakhala chete ndi zipangizo zawo zodula, pamene belu silifunsa magetsi. Tikugulitsa chinthu chimene chapirira mibadwo itatu kapena inayi kuti tigule chimene sichidzaona ubatizo wa zidzukulu zathu.

Komanso belu long'aluka sikuti latha ntchito. Achikulire anzanga amene ankamvera BBC pa wailesi akukumbukira kulira kwa Big Ben wa ku London. Belu limenelo linang'aluka mu 1859, patangopita miyezi yochepa liyambire kulira, chifukwa nyundo yake inali yolemera kwambiri. Eni ake sanaligulitse. Analitembenuza pang'ono kuti nyundo izimenya pamalo pena, n'kuika nyundo yopepukirapo, ndipo likulirabe mpaka lero ndi mng'alu wake womwewo. Kampani imene inaliumba, ya Whitechapel, inatseka mu 2017, ndipo oumba mabelu atsala owerengeka, monga John Taylor wa ku Loughborough. Ndiye amene akuganiza kuti tikadzapeza bwino tidzagula lina, afunse kaye mtengo wa belu latsopano pamodzi ndi ulendo wake ndi msonkho. Sindikunena kuti lathu lidzalira ngati kale. Kuwotcherera belu moyenera kumafuna kutenthetsa belu lonse pang'onopang'ono, kuthira mkuwa wofanana nalo, ndi kuliziziritsanso pang'onopang'ono, ndipo imeneyo si ntchito ya pansi pa mtengo. Koma kuboola kabowo kakang'ono pamene mng'alu wathera kuti usapitirire, mmisiri wosamala angathe. Kuchotsa penti ndi burashi yofewa, osati chitsulo kapena sandipepa, kuti tiwerenge zilembo, ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Kulimangira kachiunda ka njerwa pakhomo la tchalitchi, kulikhoma ndi loko, ndi kulemba mbiri yake pambali, zimenezo tingathe ndi chopereka cha Sabata limodzi.

Mbiriyo ndiyo ikundisowetsa tulo kuposa mkuwawo. Mwa anthu amene anamva nkhani ya ngolo ija kuchokera pakamwa pa amene anaiona, atsala ndi agogo ochepa, ndipo maso awo achita khungu. Mabuku akale a mpingo, a ubatizo ndi a misonkhano, ali m'bokosi limene njenjete zalowamo. Ifeyo a Kum'mawa timanyadira kuti Nc'wala, imene inaleka Angoni atagonja, inadzutsidwanso mu 1980 ndipo chaka chilichonse timakhamukira ku Mtenguleni, ndi kuti Achewa a mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba. Mwambo unatheka kudzuka chifukwa anthu anausunga m'mutu. Belu likalowa m'ng'anjo limatuluka waya wa magetsi, ndipo palibe gogo amene angalibweze.

Kwa mipingo imene mabelu awo akadali amoyo, chonde tumani munthu akwere akaone. Ayang'ane pamene lilime limamenya: ngati pakumbika dzenje, belu litembenuzidwe kuti lizimenya pena. Ayang'ane chitsulo chimene chagwira lilime kumutu kwa belu, chifukwa chikachita dzimbiri chimatupa n'kung'amba mkuwa kuchokera m'kati. Mizati ikhale ya chitsulo kapena ya mtengo wolimba wothiridwa mankhwala a chiswe. Nyundo ndi mabawuti zichoke pansi pa belu, mugule chingwe. Ndipo wogula zitsulo akabwera n'kumati ichi n'chitsulo chabe, tengani maginito a mu sipika yakutha muike: pa mkuwa sagwira.

Pempho langa lina likupita ku malikulu a mipingo yonse ya m'chigawo chino, kuti alembe m'kaundula mabelu amene ali m'mipingo yawo, ndi zithunzi zake, ndipo alamule kuti belu lisagulitsidwe popanda chilolezo chawo. Mafoni ojambula ali ndi mlaliki aliyense masiku ano. Bungwe la National Heritage Conservation Commission nalo litithandize. Lamulo limene linalikhazikitsa mu 1989 limateteza zinthu zakale za chisanafike chaka cha 1924, ndipo mabelu ena a m'mamishoni athu ndi a nthawi imeneyo. Atiuze poyera ngati wogula zitsulo ali ndi ufulu wowanyamula.

Akulu a mpingo wathu agwirizana kuti nkhaniyi idzagamulidwe tikatha kukolola. Ine ndawauza kale kuti ndipereka matumba awiri a mtedza ku thumba la zokuzira mawu ngati belu litsale, ndipo amayi ena alonjeza nkhuku. Ngati mwa owerenga anu muli mmisiri wodziwa za mkuwa, kapena munthu amene kholo lake linagwirapo ntchito pa mishoni ndipo anasiya makalata kapena zithunzi, alembere nyuzipepala ino nthawi imeneyo isanakwane.

Ine wanu,
Mkhristu wodandaula,
Chipata