Kwa kampani imene inatigulitsa electrometer: firmware yanu yatsopano yasokoneza nthawi yoyezera

Akuluakulu, ndalemba pano poyera chifukwa maimelo athu simukuyankha, ndipo wogulitsa wanu amangoti "tikufunsa kaye kulikulu".

Ine ntchito yanga ndi yoyeza mphamvu ya radiation ku mbali ya chithandizo cha khansa, ndipo electrometer yanu ndi makina amene timawerengera muyezowo. Munatiuza kuti tiike firmware (pulogalamu yoyendetsa makinawo) yatsopano, ife tinaika. Kapepala kanu kanangoti mwakonza tizinthu ting'onoting'ono. Kuti mwasintha mmene wotchi yoyezera imayambira, zimenezo simunanene.

Kale source ya iridium-192 (kachitsulo kotulutsa radiation) ikamalowa mu well chamber (chipangizo chimene timaiikamo poiyeza), tinkaidikira kuti ifike pamalo pake n'kuima, kenako n'kudina batani, makina n'kuwerenga charge (magetsi amene radiation imapanga mu chamber) kwa masekondi 60 ndendende. Pano wotchi ikumayamba yokha ikangomva kafungo ka radiation, source idakali m'njira. Pa kamphindi koyambako mphamvu imakhala isanakwane, ndiye nambala ya ma nC (muyezo wa charge) ikumatuluka yotsika. Inde, pa menyu pali pozimitsira zimenezi, koma makina akangothima n'kuyakanso, zonse zabwerera mwakale, popanda ngakhale kachenjezo pa sikirini.

Mwina kumaofesi kwanuko mukuti kachigawo ka sekondi n'kachiyani. Iridium-192 imatsika mphamvu ndi theka pa masiku pafupifupi 74, n'chifukwa chake source imasinthidwa pakapita miyezi itatu kapena inayi. Yatsopano ikafika, siyandikira wodwala tisanaiyeze tokha n'kufananiza ndi satifiketi ya opanga, ndipo kusiyana kukaposa 3 peresenti timayenera kuima n'kufufuza. Nambala tikaivomereza imalowa mu kompyuta yokonzera chithandizo. Ikakhala yotsika mwabodza, kompyuta imatalikitsa nthawi imene source ikhale m'thupi. Ambiri amene timawathandiza ndi brachytherapy (chithandizo cholowetsa source m'thupi) ndi amayi a khansa ya khomo la chiberekero, ndipo chikhodzodzo ndi matumbo zili pafupi pomwepo. Mlingo ukapyola, zimenezo ndiye zimapsa. Paulendo uno kusiyanako kunali kochepa, koma kunali kolowera mbali imodzi nthawi zonse, ndipo cholakwika cha mtundu umenewo ndi chimene chimabisala bwino.

Komanso update yanuyo inafufuta ma calibration factor (manambala osinthira zimene makina awerenga kukhala mphamvu yeniyeni ya source) a ma chamber onse amene tinasunga m'makinamo. Tinachita kulembanso ndi manja kuchokera pamasatifiketi, wina akuwerenga wina akulemba, odwala ali pabenchi panja kudikira.

Funso limene mukulizembali ndi ili: kodi satifiketi ya calibration ya electrometer yathu idakagwirabe ntchito firmware itasintha? Ngati mwangokhudza wotchi yokha osati mmene charge imawerengedwera, lembani choncho papepala la kampani, musayine, tiike mufayilo. Oyendera akabwera safunsa zimene tinamva pafoni. Ngati mwakhudza zonse, nenaninso, chifukwa kutumiza chipangizo ku labotale yoyezera kunja kwa dziko si nkhani ya sabata imodzi, ndipo ife china chosinthira tilibe.

Tinapempha kuti tibwerere ku firmware yakale, mwati sizitheka. Nanga bwanji simunatichenjeze tisanaike?

Tikufuna mndandanda wonse wa zimene munasintha, ndiponso kuti kuyamba kokhako kuzikhala kozimitsidwa mpaka munthu atakusankha yekha. Chonde musandiuze kuti "tiyankhulane ku inbox". Yankhani pompano, chifukwa zipatala zina zili ndi chipangizo chomwechi, ndipo mwina anzathuwo sanazindikire kuti wotchi yawo ikuyamba isanakwane nthawi.