Achimwene, musagule pampu musanayeze moto

Ndirande, Blantyre

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu inandipeza Lachitatu madzulo, anabwera nayo bambo a Dalitso, ndipo ndaiwerenga kawiri. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chinakusiyani, koma mtima wanga waima pa ndime imene mukunena kuti Corolla yanu yatha masiku asanu ndi anayi ili pabwalo, sitata ikutembenuza injini bwinobwino koma galimoto osalira, ndiponso kuti makaniko wa ku Johannesburg komweko wagamula kuti pampu ya petulo yafa chifukwa anatchera khutu kuthanki, kiyi ili pa ON, osamva kanthu. Chonde, ndalama imene mwasonkhanitsayo isatuluke m'thumba mpaka mutachita zimene ndikulemba pano.

Khutu lokha silingaweruze mlandu umenewu. Pa magalimoto ambiri, kiyi ikangofika pa ON pampu imang'ung'udza masekondi awiri kapena atatu kenako n'kukhala chete, ndipo ndikhulupirira kuti phokoso limenelo ndi limene makanikoyo ankaliyembekezera. Koma Corolla 160i yanuyo, ya injini ya 4A-FE, sinapangidwe choncho. Pampu yake imalandira moto pamene sitata ikutembenuza, kenako kompyuta imapitiriza kuidyetsa ikamalandira uthenga wochokera ku distributor, kachipangizo kogawira moto ku mapulagi a injini, wakuti injini ikuzungulira. Kiyi ikangokhala pa ON, pampu yabwinobwino imakhala duu, chimodzimodzi ndi yakufa.

Moto wopita kupampu umadutsa m'makomo angapo. Umachoka ku batire, kulowa mu fyuzi yolembedwa EFI, kudutsa pa relay (swichi yoyatsidwa ndi magetsi) yaikulu ya EFI, kufika pa relay ina yotchedwa circuit opening imene ili m'kati mwa galimoto pansi pa dashibodi, kenako n'kutsata waya wautali mpaka pa pulagi ya pamwamba pa thanki, ndipo ukatuluka m'pampu uyenera kubwerera kudzera pa waya wa earth womangidwa ku chitsulo cha bodi. Khomo limodzi likatsekeka, galimoto imachita ndendende monga ikuchitira yanuyo.

Yambani ndi batire, chifukwa munthu amene wakhala akupotokola kiyi masiku asanu ndi anayi waifoola ndithu. Yodzaza bwino imaonetsa mavolti 12.6 injini ili chete, ndipo ikamatsika pansi pa 10 pamene sitata ikutembenuza, iyambe yatchajidwa musanayeze china chilichonse. Mukatero, ikani kiyi pa ON n'kuyang'ana ngati kanyale ka check engine kakuyaka. Kakayaka ndiye kuti fyuzi ya EFI ndi relay yaikulu zikudyetsa kompyuta. Kakapanda kuyaka, pitani ku fyuziyo mukaiyeze ndi mita yoyezera magetsi mbali zonse ziwiri, chifukwa yothyoka pang'ono imanyenga maso.

Apa ndiye pamene pandisowetsa tulo. Ndimakudziwani, achimwene, ndinu amene munkalumikiza fyuzi ya wailesi ya agogo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ife tonse n'kumakuombera m'manja ngati injiniya wa pamudzi. Pa galimoto musayerekeze. Mukapeza kuti fyuzi yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo, ndipo nayonso ikapsa dziwani kuti penapake waya wasupuka n'kukhudza chitsulo, kapena pampu yalimba ndipo ikukoka moto wopitirira muyeso. Mukakulunga waya m'malo mwa fyuzi, chimene chidzatenthe ndi mtolo wonse wa mawaya odutsa pansi pa kapeti, ndipo mtolo umenewo umakathera pamwamba pa thanki ya petulo. Usiku wapitawu ndakhala ndikuona m'maganizo utsi ukutuluka pansi pa mpando wakumbuyo, inu muli pakati pa msewu wa M1 wa kumeneko ndi katundu wa anthu, kutali ndi aliyense wa ife. Galimoto imeneyo ndiyo ikulipira fizi ya ana awiri ndiponso mankhwala a mayi, ndipo ikapsa sindikuona pamene tingagwire. Amake Dalitso andidzudzula kuti ndikuikulitsa nkhani, koma ndinaonapo galimoto itasanduka phulusa chifukwa cha kawaya kosakwana chala.

Ubwino wa ma Toyota a zaka zimenezo ndi wakuti anatisiyira njira yachidule. Tsegulani boneti, mupeza kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kuseri kwa chivundikiro chake kuli chithunzi cha timabowo tonse ndi mayina ake. Kiyi ili yozimitsa, lumikizani bowo la +B ndi la FP ndi kawaya kafupi, muonetsetse kawiri kuti simunaphonye bowo, kenako ikani kiyi pa ON. Mwatero mwalambalala relay ya circuit opening. Pampu ikamveka kung'ung'udza ndipo galimoto n'kulira, ndiye kuti pampu ili moyo, waya wake ali bwino, vuto lili pa relay imeneyo kapena pa uthenga umene umaiuza kuti idutsitse moto. Relay ndi kanthu kotchipa poyerekeza ndi pampu, ngakhale kuti kuno ku msika wa zipangizo mitengo yake ikusintha sabata iliyonse, moti mnyamata wanga uja ndimachita kumutuma kawiri. Galimoto ikalira, kawayako mukachotse, musayende nako, chifukwa pangozi pampu idzapitiriza kupopa petulo ngakhale injini itazima.

Ikakhalabe chete, yezani kaye kuti pa +B pali mavolti 12, kenako nyamulani mpando wakumbuyo mufike pa pulagi ya pampu. Pamenepa mpofunika kufatsa, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mita imatha kukunamizani. Waya amene wadyeka ndi dzimbiri n'kutsala ndi kachingwe kamodzi amaonetsa mavolti 12 okwanira pamene pulagi yazulidwa, chifukwa mita simakoka moto, koma pampu imafuna ma amp anayi kapena kuposerapo, ndipo ikangoyamba kukoka motowo umagwa. Nchifukwa chake ine ndimatenga babu la nyale yakutsogolo la mawati 55, limene limakoka ma amp anayi ndi theka, n'kulilumikiza pa mawaya awiri a pampu, kenako n'kuika kiyi pa ON, kawaya ka +B ndi FP kaja kali m'malo mwake. Likawala kwambiri, moto ndi earth zonse zili bwino, ndipo pokhapo mungaloze chala pampu. Likangofiira ngati khala, chotsani mwendo wake wa earth muugunditse pa chitsulo choyera cha bodi: likawala tsopano, wolakwa ndi waya wa earth, likafiirabe, wolakwa ndi waya wobweretsa moto. Wokhala ndi mita angathenso kuyeza pulagi ili m'malo mwake, pampu ikukoka, ndipo moto wotayika panjira ukapitirira theka la volti pali polumikizira pamene padwala.

Mwezi wathawu anandikokera Corolla ngati yanu yomweyo, mwini wake atagula mapampu awiri kwa munthu wina amene sanagwireko mita. Ndinapeza kabawuti ka earth kali dzimbiri lokhalokha chifukwa madzi ankalowera m'buti nthawi ya dzinja. Ndinapala ndi sandipepa n'kumanga, galimoto inalira pomwepo, bamboyo n'kukhala pansi osayankhula. Zinandiwawa, chifukwa ndalama zimenezo zinali za feteleza. Muyang'anenso pulagi yeniyeniyo, ngati mano ake ada kapena pulasitiki yasungunuka, popeza pulagi yokhwepa imatentha.

Poyeza kumbuyoko tsegulani zitseko zonse, fodya akhale kutali, ndipo babulo mulilumikize kiyi ili yozimitsa, ndi mawaya aataliko kuti likhale panja pa galimoto. Mpweya wa petulo suchedwa kuyaka moto ukangothetheka. Ndikanakonda ndikanakutumizirani test lamp yanga yabwino ija, koma a Phiri anaibwereka nthawi ya Khirisimasi ndipo mpaka lero akuti aiwala pamene anaiika.

Za chinkhoswe cha mlongo wanu ndi za denga la nyumba ya mayi ndilemba ulendo wina, zonse zikuyenda. Magetsi azima, kandulo yatsala pang'ono, ndipo bambo a Dalitso akwera basi m'bandakucha. Chimodzi chokha ndisaiwale: babu likawala bwino koma pampu n'kukhalabe chete, musanatsegule chivundikiro cha thanki muyambe mwachotsa waya wa negative ku batire, ndipo pampu yatsopanoyo muigule pamodzi ndi sefa yake.