Za Papa wakoyo amene amacheza ndi Mulungu

Mwana wanga,

Mpongozi wanga anandiimbira Lamulungu madzulo akulira. Usamukalipire, ndine ndinamuumiriza kuti anene, poti amayi ako anali atamva kale mphekesera kwa anthu amene anatsika basi ya ku Joni mwezi watha. Ndiye kani n'zoona. Malipiro a mwezi wathunthu unakawatula kwa Papa wakoyo kuti ndi mbewu, lendi simunalipire, ndipo azakhali ako wawatsekera pa WhatsApp ati chifukwa Mulungu waulula kuti ndi amene akumanga mwayi wako. Azakhali ako omwe aja, amene anagulitsa mbuzi kuti iwe upeze pasipoti! Dzulo anabwera ndi nkhwani m'mbale n'kumandifunsa ngati foni yako inabedwa. Amayi ako anangodzuka n'kulowa m'nyumba.

Za ndalama tidzakambirana tsiku lina, izo zimapita n'kubweranso. Chikundisowetsa tulo ndi mawu amene unauza amayi ako, akuti ife a mpingo wakale timangomva za Mulungu, pomwe Papa amamudziwa maso ndi maso, amacheza naye usiku uliwonse, ndipo Mulungu sachita kanthu asanamuuze. Vesi limene amakuwerengeranilo ndimalidziwa, lili kwa Amosi. Koma amakuuzaninso kuti Amosi yemweyo anakana kutchedwa mneneri, n'kunena kuti iye ndi woweta ziweto ndi wosamalira nkhuyu basi? Amakuuzani kuti uthenga wake unali wodzudzula anthu odyera amphawi masuku pamutu? Kapena tsamba limenelo linathothoka m'Baibulo lawo?

Tsegula Eksodo 33, usangomvera ine. Mutu umenewo umanena kuti Mulungu ankalankhula ndi Mose ngati munthu ndi bwenzi lake. Tsikira pang'ono mmunsi, mutu womwewo. Mose akupempha kuona ulemerero wa Mulungu, ndipo akuuzidwa kuti nkhope yokha ayi, woiona sangakhale ndi moyo. Anamuika m'phanga la thanthwe, n'kumuphimba ndi dzanja, ndipo Mose anangoona kumbuyo Mulungu atadutsa kale. Ameneyo ndi Mose, woolotsa mtundu wonse pa nyanja. Paulo naye anakwatulidwa mpaka kumwamba kwachitatu, koma mmene ankazitchula kwa Akorinto n'kuti patapita zaka 14, ndipo ankazinena ngati za munthu wina, n'kuwonjezera kuti sakudziwa ngati anali m'thupi kapena ayi. Paulo yemweyo ndi amene analemba kuti pano tikudziwa mderamdera. Ndiye mnyamata wa suti yonyezimira, amene amanena manambala a foni a anthu pa maikolofoni, wapambana onsewa? Ndikufunse, tsiku loyamba kulowa m'tchalitchi chimenecho, pakhomo sanakulembetse dzina, nambala ndi kumudzi kwanu? Unali wochenjera pa masamu iwe, mpaka aphunzitsi ankakutuma kukachonga makope a anzako. Nzeru zimene zija unazisiya pa Beitbridge?

Ndakalipa, ndikudziwa. Koma ndikanakhala kuti sindikukonda ndikanangoyang'ana kumbali.

Zimenezi si zachilendo ayi. Pa maphunziro a akulu ampingo abusa ena anatifotokozerapo za Eunomius, bishopu wina wa m'zaka za m'ma 300, amene ankaphunzitsa kuti munthu angathe kumudziwa Mulungu mmene alili m'kati mwake, monga mmene Mulunguyo amadzidziwira mwini. Basil, bishopu wa ku Caesarea, anamutsutsa kwambiri. Iye ankati Mulungu timamudziwa ndithu, koma timamudziwira ku ntchito zake, mphamvu yake, ubwino wake ndi chiweruzo chake, pomwe umulungu wake weniweniwo palibe wolengedwa angaufikire. Msonkhano wa mpingo wa ku Constantinople mu 381 unakana chiphunzitso cha Eunomius. Augustine, mwana wa kuno ku Africa, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, analalikira kuti ukaona kuti chinthu wachimvetsa chonse, dziwa kuti chimenecho si Mulungu. Anzathu a Chikatolika ali ndi Thomas Aquinas, amene analemba mabuku ochuluka onena za Mulungu, koma mu 1273 anasiya kulemba, n'kuuza mnzake kuti zonse zimene analemba zikumuonekera ngati udzu wouma. Anthu amenewa sanali osakhulupirira. Ankachita mantha oyenera akamatchula dzina limeneli, mantha amene mwa Papa wakoyo sindikuwaona.

Tsono usathamangire kunena kuti bambo akuti Mulungu sadziwika. Umatero iwe kuyambira uli mwana, munthu akati usayandikire moto umakana ndi nsima yomwe. Mulungu amadziwika, mwana wanga, koma amadziwika pomwe wadzionetsa mwini wake, ndi muyezo umene wafuna. Zolengedwa zimaonetsa mphamvu yake, Paulo anauza Aroma choncho. Filipo atapempha kuti awaonetse Atate, Yesu anamuyankha kuti woona Iye waona Atate. Ukafuna kudziwa mtima wa Mulungu yang'ana pamenepo, mmene ankachitira ndi akazi amasiye, akhate ndi ana. Ndisonyeze pamene Yesu anauza munthu kuti azakhali ako ndi mfiti, kapena pamene anati bweretsa malipiro ako ndikutsegulire mwayi. Amene anayesa kuphatikiza ndalama ndi mphatso ya Mulungu ndi Simoni wa ku Samariya, ndipo ukudziwa mmene Petro anamuyankhira.

John Calvin, mmodzi wa atsogoleri okonzanso mpingo m'zaka za m'ma 1500, analemba kuti Mulungu akamalankhula nafe amachita ngati mlezi wolankhula ndi khanda, amadzichepetsa kuti timve. Ndimakumbukira amayi ako atakukhazika pa mphasa ndi kambale ka phala, akukunyengerera ndi timawu tachibwana tija, iwe n'kumaseka phala lili mbwee pachibwano. Unkawadziwa amayi ako nthawi imeneyo? Unkawadziwa ndithu, akangotuluka unkalira mpaka oyandikana nawo kubwera. Koma za ngongole ya feteleza imene inkawasowetsa mtendere chaka chimene chija, unkadziwapo chiyani? Ifenso pamaso pa Mulungu tili pa mphasa pomwepo, abusa, ine, iwe ndi Papa yemwe.

Vesi limene agogo ako ankalikonda ndi Deuteronomo 29:29, loti zinsinsi ndi za Yehova, koma zowululidwa ndi zathu ndi ana athu kuti tizichite. Iwe wathamangira zinsinsi, zowululidwa wazisiya pakhomo. Zowululidwazo si zovuta kumva: lemekeza makolo, usachitire mnzako umboni wonama, samala a pabanja pako. Paulo anauza Timoteo kuti wosasamala a m'nyumba mwake aposa wosakhulupirira kuipa. Mpongozi wanga akuthawa mwini nyumba, mdzukulu wanga akupita ku sukulu nsapato itang'ambika, iwe uli kuphiri kusala kudya kuti umve nambala ya tsiku la chozizwitsa chako.

Mng'ono wako atamwalira ndi malungo aja, iwe unali wamng'ono, unkangosewera ndi ana a olira maliro kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinafunsa Mulungu kuti chifukwa chiyani, usiku ndi usana, ndipo mpaka lero sanandiuze. Titangoika maliro kunabwera munthu wina wa mapemphero, Baibulo kukhwapa, akuti waonetsedwa m'masomphenya amene wadya mwanayo. Ankaloza agogo ako aakazi, amene anachezera naye mwanayo kuchipatala osagona. Ndinamuperekeza mpaka pa msewu n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomo panga. Ndikanamumvera, agogo ako akanafera kutchire ngati galu, ndipo iwe sukanakula ukudya futali wawo. Anzake a Yobu nawonso ankadziwa chifukwa chake cha chilichonse, anali ndi yankho pa funso lililonse. Kumapeto Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu wofunsa mafunso uja. Ndipo Yobuyo sanauzidwe chifukwa chake, anangofunsidwa kuti unali kuti pamene ndinkaika maziko a dziko.

Ndikudziwa kuti ku Joni n'kowawa. Mapepala, ntchito zoduladula, mantha a usiku, ndiye munthu akakuuza kuti Mulungu wamuuza dzina lako, mtima umagwa pansi. Sindikukuseka. Amayi ako amakutchula m'pemphero m'mawa uliwonse asanasese pabwalo, mpaka nthawi zina ndimawauza kuti ana enanso alipo. Koma chikomekome cha nkuyu, mwana wanga. Munthu amene sanenapo kuti "sindikudziwa" umuope. Yesu mwini wake, atafunsidwa za tsiku lomaliza, anati ngakhale Mwana salidziwa, koma Atate yekha. Kodi Papa wakoyo unamumvapo akuti pamenepa sindikudziwa? Ndipo zimene analosera chaka chatha kuti pofika Disembala ukhala ndi galimoto ndi mapepala, zili kuti? Deuteronomo 18 imanena poyera za mneneri amene mawu ake sachitika. Akakuuza kuti chikhulupiriro chako ndi chimene chinachepa, dziwa kuti ndi mmene amathawira onse.

Sindikuti ubwerere ku CCAP mawa, ngakhale ndingakondwe. Ku Joni mipingo ilipo yambiri ya anthu akwathu, pita kumene amatsegula Baibulo n'kulola munthu kufunsa. A ku Bereya ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku ngakhale wolalikirayo anali Paulo, ndipo anayamikiridwa. Iwenso fufuza. Mavesi ndakulemberawa uwawerenge wekha, mutu wonse, osati kachidutswa kamene wakusankhira munthu.

Azakhali ako uwatsegulire lero lomwe, uwaimbire Lamulungu lisanafike. Sindinawauze chimene unawanenera ndipo sindiwauza, iwenso usayerekeze kuwauza. Malipiro a mwezi uno apite kwa mwini nyumba choyamba, kenako nsapato za mwana. Kuno usatumize kanthu, chimanga chilipo chotifikitsa. Amayi ako akonza ufa, usipa ndi mtedza, apatsira woyendetsa basi uja Lachinayi, ndiye foni yako ikhale yotsegula Loweruka kuti asakusowe pa siteji. Akutinso uwauze nambala ya nsapato ya mdzukulu wawo, poti sakukukhulupirira kuti ugula.

Ndine bambo wako.