Lipoti la msonkhano wa za kusisita odwala oikidwa chiwalo cha munthu wina

A wapampando ndi anamwino anzanga nonse,

Zikomo pondituma. Ndisabise, ndinapita ndikukayika. Ndinkati kusisita thupi n'kwa anthu athanzi ofuna kupumula, osati kwa munthu amene wangoikidwa impso kapena chiwindi. Ndabwerako nditasinthako maganizo.

Tsiku loyamba linathera pa mbiri ya kuika ziwalo, kuyambira impso imene inaikidwa mwa wodwala mu 1954 ku Boston mpaka mtima umene Christiaan Barnard anaika mu 1967 ku Cape Town. Zimenezo ndingodutsa.

Nkhani yeniyeni inali tsiku lachiwiri. Wodwala wotereyu amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus ndi prednisone, kuti thupi lisakane chiwalo chachilendocho. Tacrolimus amanjenjemeretsa manja. Prednisone amasowetsa tulo, ndipo pakapita nthawi khungu limapyapyala. Usiku munthu ali maso gwa, akudzifunsa ngati chiwalocho chikhazikike, ena akuganizira mwini wake amene anamwalira. Morphine amaziziritsa ululu wa bala, koma maganizo otere sawafika. Apa m'pamene manja amathandiza.

Anationetsa kasisitidwe kake. N'kopepuka kwambiri: zikhatho, mapazi, mapewa ndi khosi, kwa mphindi 15 kapena 20 basi. Musanayambe mufunse wodwalayo kuti ululu wake uli pati pakati pa 0 ndi 10, mukamaliza mufunsenso, mulembe.

Malo ena dzanja lisafikepo. Impso yatsopano siikidwa chakumsana kumene kuli zakale, imaikidwa kutsogolo, m'munsi mwa mimba, ndipo pamenepo si pokanikiza. Pabala, pa dripi ndi pa machubu chimodzimodzi. Mwendo ukatupa, n'kumatentha ndi kupweteka, musaukhudze, itanani dokotala. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kusisita kungawakankhire ku mapapo. Amene ali ndi chimfine asalowe n'komwe m'chipinda cha wodwalayo.

Wolankhula wina ananena ngati kusisita kungalowe m'malo mwa mankhwala a ululu. Apo sindinagwirizane naye, ndipo ndinanena poyera. Mpumulo wake ndi wa kanthawi, wongothandizira mankhwala.

Pempho langa n'loti tisankhe anzathu awiri akaphunzire bwino ntchitoyi, ndipo tisasisite wodwala aliyense dokotala wake ndi mwini thupi asanavomere. Ndapempha mphindi 30 pa msonkhano wathu wotsatira kuti ndidzakuonetseni kasisitidwe ka zikhatho. Mubwere mutawenga zikhadabo.