Pempho la komiti ya sukulu: tithandizeni thanki, nsomba zatikwana

Kwa makolo, mafumu athu, ophunzira akale ndi onse otifunira zabwino,

Ife a komiti ya sukulu yathu ya sekondale yoyendera, kuno kufupi ndi nyanja m'boma la Mangochi, tikukupatsani moni. Tabwera ndi pempho, koma tiyambe ndi mawu amene ena awadabwe: chonde, musatibweretserenso nsomba. Zomwe tili nazo zachuluka kale kuposa madzi ake.

Ambiri mukuidziwa thanki yagalasi imene ili m'chipinda cha sayansi, ija anatipatsa wophunzira wathu wakale. Ndi ya masentimita 100 m'litali, 40 m'lifupi ndi 40 msinkhu, kutanthauza malita 160, koma mukachotsera malo a mchenga ndi miyala, madzi enieni ndi malita pafupifupi 130. Aphunzitsi a bayoloje anayamba ndi tinsomba 10 totchedwa guppy, timene kwawo ndi ku South America. Chimene sitinachiganizire n'chakuti guppy saikira mazira. Amabereka ana amoyo, pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo mmodzi atha kubereka 20 kapena kuposa nthawi imodzi. Anawonso pakangotha miyezi 3 ayamba kubereka awo. Titawerenga sabata yatha tinalekera pa 90, chifukwa ting'onoting'ono sitinkaima malo amodzi.

Pamwamba pa apo, bambo wina amene ndi msodzi komanso kholo lathu anabwera ndi nsomba 8 za m'nyanja yathu zotchedwa mbuna mu chidebe, mwa mtima wake wabwino. Zinali zokongola kwambiri, zabuluu ndi zachikasu, ndipo ife a komiti ndi amene tinaombera m'manja zikulowa m'thanki. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kulakwa kumeneku n'kwathu, si kwa bambowo ayi.

Mavuto anaonekera mu Okutobala, dzuwa litafika pachimake. Usiku wina magetsi anazima, kapampu kathu ka mpweya n'kuima. M'mamawa a mlonda anasuzumira pawindo n'kuona nsomba zonse zili pamwamba pa madzi, milomo yasa, ngati zikupempha chinachake. Anathamangira kunyumba kwa aphunzitsi. Pofika nthawi ya asembule, atsikana awiri a Fomu 3 anali atakhala pambali pa thanki, akutunga madzi ndi kapu ya pulasitiki n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kuti achite thovu, akusinthana mkono ukatopa. Zakufazo tinazivuula ndi sefa ya tiyi. Zinali 14.

Aphunzitsi atatifotokozera pa msonkhano, tinazindikira kuti magetsi anangomalizitsa chabe, vuto linalipo kale. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa: pa madigiri 20 lita imodzi imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 9 a okosijeni, koma pa madigiri 30 amatsika kufika cha m'ma 7.5, pomwe nsomba pa kutenthako zimapuma mwachangu. Mpweyawo umalowera pamwamba pa madzi, n'chifukwa chake thanki yaitali m'litali ndi yotakata imaposa yaitali msinkhu ngakhale malita atafanana. Kenako pali zonyansa. Nsomba iliyonse imatulutsa poizoni wotchedwa amoniya kudzera m'makha ake ndi m'chimbudzi, ndipo chakudya chotsala chikaola chimaonjezeranso. Munyanja madzi ndi ambiri, zimasungunuka. M'thanki zilibe kopita. Pali mabakiteriya abwino amene amakhala mu siponji ya sefa yoyeretsera madzi a m'thanki, ena amasandutsa amoniya kukhala naitraiti, amenenso ndi poizoni, ndipo ena amasandutsa naitraitiyo kukhala naitreti, amene ndi wofatsirapo ndipo amachoka posintha madzi. Nsomba zikachuluka kuposa mphamvu ya mabakiteriyawo, madzi atha kuoneka oyera bwinobwino koma ali kuwotcha makha a nsomba.

Oweta nsomba zokongoletsa ali ndi kawerengedwe kongoyambira: sentimita imodzi ya nsomba pa lita imodzi ya madzi, powerengera msinkhu umene nsombayo idzafike ikakula, osati umene ili nawo lero. Guppy wamkazi amafika masentimita 5, wamwamuna amachepera. Ndiye malita athu 130 akanasunga bwino tinsomba cha m'ma 30. Ife tili ndi katatu kuposa apo. Ndipo kawerengedweka kamagwira pa tinsomba towonda tokha. Mbuna imodzi ya masentimita 10, yojintcha, imadya ndi kuipitsa madzi kuposa ma guppy awiri a masentimita 5.

Za mbuna tinene pang'ono, poti ndi zathu. Nsomba zimenezi zimakhala m'miyala, ndipo yaimuna ikasankha mwala siilola ina kuyandikira. M'thanki mwathu zayamba kudula zipsepse za ma guppy, ena michira yatsala zisanza. Oweta mbuna amaziika zambirimbiri mwadala kuti ndewu isagwere imodzi yokha, koma amatero mu thanki yaikulu, yodzaza miyala, yokhala ndi sefa yamphamvu, ndipo mumakhala mbuna zokhazokha. Sizikhalira limodzi ndi tinsomba tofatsa. Ana athu tikufuna aone ndi maso awo mbuna yaikazi itafungata mazira m'kamwa kwa milungu pafupifupi 3 osadya. Nsomba zomwezi ndi zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park ilowe m'ndandanda wa malo osungidwa a UNESCO mu 1984, ndipo anthu a ku Ulaya amazigula ndi ndalama zambiri, pomwe mwana wobadwira pano amangodziwa usipa ndi utaka za mu mbale.

Ena pa msonkhano anati bwanji osangokazitaya kumtsinje zotsalazo. Ayi ndithu. Guppy ndi mlendo m'madzi athu, ndipo mwaona mmene amaswanirana. Malamulo a usodzi salola kuika nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo, ndipo sukulu singakhale yoyamba kuwaphwanya.

Chomwe tikupempha kwenikweni ndi thanki yachiwiri ya masentimita osachepera 120 m'litali, ya malita 200 kapena kuposa, kuti mbuna zikhale pazokha. Ngakhale yakale tiilandira, bola isadonthe. Ngati pali mmisiri wa magalasi amene angatidulire galasi lochindikala n'kulimata ndi silikoni yoyenera nsomba, ameneyonso watithandiza. Akalipentala kapena owotcherera zitsulo atipangire poikapo polimba, chifukwa madzi okhawo alemera makilogalamu 200. Tikufunanso sefa ziwiri, pampu ya mpweya yoyendera batire kapena sola yaing'ono, ndi mankhwala oyezera amoniya ndi naitraiti, poti pakali pano tikungoyeza ndi mphuno. Migolo iwiri ya pulasitiki imene sinasungepo mafuta kapena mankhwala ingatithandize kusungira madzi a pampopi usiku wonse kuti kolorini achoke.

Ife mbali yathu tayamba kale. Ophunzira akusintha gawo limodzi mwa magawo 4 a madzi sabata iliyonse, akudyetsa kamodzi patsiku chakudya chongotha m'mphindi 2, ndipo ma guppy aamuna tawapatula mu beseni kuti kuswana kuchepe. Sukulu kapena banja limene lili ndi thanki yokonzeka kale libwere lidzatenge ena ulere, koma tidzafunsa kaye kukula kwa thankiyo.

Thanki yatsopano imafuna milungu 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikike isanalandire nsomba zonse, choncho ikafika msanga ndiye kuti mbuna zisamuka teremu ino isanathe. Amene muli ndi kanthu, fikani ku ofesi ya a hedi tsiku lililonse la sukulu, kapena muuzeni membala aliyense wa komiti. Chilichonse cholandiridwa chilembedwa m'kaundula ndipo tidzachiwerenga pa msonkhano wa makolo ukubwerawu.

Zikomo kwambiri.

Ife,
Komiti ya sukulu