Za tabuleti ya Tadala

Bembeke, Dedza
Lamulungu madzulo

Achimwene a Ngozo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatikhaulitsa. Nkhungu ikumaphimba phiri la Dedza mpaka cha m'ma 9 koloko, ana akumafika m'kalasi zala zitauma, pensulo osagwirika. Mayi anu ndinawapeza Lachinayi kudimba akukumba mbatata. Ali bwino, mwendo uja wokha ndiwo ukuvutabe, ndipo akuti ndikuuzeni kuti bulangeti linafika.

Uthenga wanu wa mawu uja ndaumvera kawiri. Mukuti mwaona katabuleti ka mainchesi 7 m'sitolo ina kumeneko, kotchipa kuposa foni, ndiye mukuganiza zomugulira Tadala kuti aziwerengerapo pokonzekera mayeso a Fomu 4. Yankho lake silingakwane pa foni bandulo isanathe, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Mwachita bwino kufunsa. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ine ndinalidya kale.

Zaka ziwiri zapitazo ndinagula kanga ku Lilongwe. Bokosi lake lonyezimira, dzina losamveka, koma pambali atalembapo manambala akuluakulu: RAM (imene imathandiza kuti chipangizo chizithamanga) 8GB, malo osungira zinthu 256GB. Ndinakwera minibasi yobwerera nditakakumbatira ngati mwana wakhanda. Sabata ziwiri zoyambirira kanali bwinobwino. Nditaikamo WhatsApp, Facebook ndi mabuku angapo, kanayamba ulesi. Ukadina chinthu, umayamba waphika tiyi kenako n'kumabwera kudzaona ngati chatseguka. Ndinakatengera kwa mnyamata wina wokonza mafoni ku boma, iye n'kukayang'ana ndi pulogalamu yake ina, n'kuyamba kuseka. Akuti, "Aphunzitsi, umu muli RAM 1GB, malo ake 16GB. Zalembedwa pabokosizi ndi zokopera ogula." Chikomekome cha mkuyu, achimwene. Patapita miyezi itatu mwana wanga wamng'ono uja anakakhalira pampando, galasi n'kusweka. Ndinabwerera kwa mnyamata yemwe uja. Magalasi a mafoni a itel, Tecno ndi Samsung anali mbwee patebulo pake, koma la kanthu kanga anati ngakhale ku Lilongwe sindikalipeza. Lero mayi a kunyumba amavundikirira kachidebe ka thobwa, ndipo ntchito imeneyo kakuigwira mokhulupirika.

Komatu musamve ngati ndikunena kuti tabuleti ndi chinthu chachabe. Kuchokera mu 2023 boma linayamba kugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale pa ndondomeko ija ya BEFIT, ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, ndipo kwathu kusukulu anafika. Mukanaona! Mwana amene m'kalasi ya ana opitirira 100 sanayankhepo funso, akavala zomvera m'makutu amakhala chete n'kumatsata zilembo ndi chala, makinawo akumulankhula m'Chichewa. Ena ayamba kuwerenga ndikuona ndi maso angawa. Koma ndakhala ndikudzifunsa kuti bwanji awa akupirira pomwe kanga kanafa msanga. Ali m'zikuto zolimba zoti ngakhale agwe sasweka. Amatchajidwa ndi sola pamalo amodzi. Safuna intaneti, chifukwa maphunziro onse ali m'kati momwemo. Ndipo mwana sangatsegulepo china koma phunziro basi. Anawapatsa ntchito imodzi, n'kuwakonzeratu pogona ndi podyera. Wa Tadala nayenso mukamuganizira choncho, ndalama yanu siyilowa m'madzi.

Kwa mwana wa Fomu 4 phindu lake ndi kukula kwa galasi, palibenso china. Tadala amabwereka foni yanga Loweruka kuti aone mapepala a mayeso a MANEB a zaka za m'mbuyo, ndipo ndimamumvera chisoni. Chithunzi cha mtima mu Biology akachikulitsa kuti aone mayina a mitsempha, funso limabisika. Akabwerera ku funso, chithunzi chathawa. Mapu a Geography ndiye osanena. Pa galasi la mainchesi 8 tsamba lonse limaoneka kamodzi ngati buku. Kusukulu kwawo buku limodzi amalimbirana ana ambiri, ndiye kukhala ndi mabuku onse m'kanthu kamodzi si nkhani yaing'ono. Pamenepo ndikuvomerezani.

Tsono musanapereke ndalama, tembenuzani bokosi muone ngati kamalowa SIM khadi. Apa ndi pamene ambiri otumiza katundu kuchokera kumeneko amalakwitsa. Timatabuleti totchipa tambiri timadalira Wi-Fi yokha, chifukwa anatipangira mayiko amene Wi-Fi ili m'nyumba iliyonse. Kwa mayi anu Wi-Fi aitenga kuti? Foni yawo ndi kamabatani kaja, sikangagawire intaneti chinthu china. Pabokosi pakhale palembedwa LTE kapena 4G, kuti tidzangoikamo khadi ya Airtel kapena TNM, malinga ndi netiweki imene imagwira bwino kuseri kwa khola kuja, paja m'nyumba mwawo simugwira kanthu. Khadiyo tidzalembetsa ndi chiphaso cha unzika cha mayi anu, musavutike nazo. Mukaona kolembedwa Amazon Fire 7, kasiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji. Si kabodza ayi, ndi kolimba ndithu, koma kalibe polowetsa SIM ndipo sikabwera ndi Play Store, potengera mapulogalamu paja, ndiye mapulogalamu amene tinazolowera kunowa kuwaikamo ndi chintchito.

RAM isachepere 3GB. Malo osungira zinthu akakhala 32GB dziwani kuti gawo lalikulu ladyedwa kale ndi Android yemweyo, choncho pakhale polowetsa memori khadi. Ndipo dzina likhale loti mukalitchula kwa okonza mafoni ku boma akugwedezereni mutu. Mphunzitsi mnzanga ali ndi Samsung Galaxy Tab A7 Lite, ya mainchesi 8.7, imene inatuluka mu 2021. Yake ndi ya mtundu wolowa SIM ndipo mpaka lero ikugwira, ngakhale nayo si yothamanga. A Lenovo ali ndi Tab M8, imenenso ilipo yolowa SIM ndi yosalowa, ndiye muyang'anitsitse. Zogwiritsidwapo kale ntchito sindikuletsani, koma muone kuti Android wake si wamakedzana. Mu October 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa zipangizo za Android wosafika 5, ndipo mzere umenewu amausuntha zaka zikamapita. Mungagule chinthu choti chaka chamawa chidzakhale chovundikirira thobwa chachiwiri.

Ndalama yeniyeni imayamba kutuluka kanthuko kakafika. Kwa mayi anu kulibe magetsi, mukudziwa. Foni yawo amakatchajitsa kometera pa msika kamodzi pa sabata, koma tabuleti batire lake ndi lalikulu, limatenga maola angapo kuti lidzadze, ndipo mwana akamawerenga usiku uliwonse lizitha tsiku lachiwiri. Kumutuma mtsikana kumsika masiku onse atanyamula chinthu chonyezimira chosalowa m'thumba, ine sindikuziona bwino. Ngati bajeti ikulola, onjezerani kasola kakang'ono kokhala ndi potchajira, kapena power bank yoti ndizimutchajira kusukulu. Chinanso chimene anthu a ku Joni mumaiwala: mapulagi anu ndi a mano ozungulira, athu kuno ndi a mano atatu a makona. Tchaja ikabwera ya kumeneko tidzafunika adaputala, apo ayi ana ayamba kutokosa soketi ndi kamtengo. Pobayira tchaja pakhale pa USB-C, chifukwa zingwe zake zayamba kupezeka paliponse, ngakhale pa Lizulu. Chikuto cholimba ndi galasi lomata pamwamba mugulire limodzi tsiku lomwelo. Kuno simudzazipeza za saizi yake.

Nanga bandulo? Mavidiyo amamwa bandulo ngati mchenga umwera madzi. Mwana akaonera maphunziro awiri a Masamu pa YouTube, ya sabata yatha. Nzeru yanga ndi yakuti mugwiritse ntchito Wi-Fi ya kwa abwana anuko: gulani memori khadi, mupange dawunilodi mavidiyo a Masamu, Physics ndi Chemistry, mudzazemo musanatumize. Kungoti musatenge chilichonse cholembedwa matric, mayeso omaliza sekondale a kumeneko, n'kuganiza kuti ndi MSCE. Silabasi ndi yosiyana, ngakhale mitu ina imafanana. Ndikutumizirani mndandanda wa mitu ndikakumana ndi aphunzitsi ake. Mapepala akale ndi manotsi ndidzamuikira ndine kuno.

Zoti mugule kumeneko kapena mutumize ndalama tigule kuno, gulani komweko. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja mtengo wake umasintha ukangotembenuka. Koma chitsimikizo cha sitolo sichiwoloka Beitbridge, ndiye mukagula muyambe mwakagwiritsa ntchito inuyo sabata yathunthu. Katchajeni, kathereni batire, ikanimo SIM yanu muimbe. Kakakhala ndi vuto mubweze muli pafupi. Potumiza mukakulunge m'kati mwa zovala, ndipo wa thiransipotiyo mumuuze kuti ndi galasi, asadzakaike pansi pa matumba. Mumufunsiretu za msonkho wa pachipata, ndalama yake isadzatidzidzimutse tsiku lolandira.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma ndiinena, poti ndinu m'bale wanga. Tadala wakula. Ndi mwana waulemu, koma intaneti ilibe ulemu, ndipo agogo ake sangasiyanitse ngati akuwerenga Agriculture kapena akuonera magule pa TikTok. Apa tabuleti ikuposa foni, chifukwa siibisika. Sangapite nayo kusukulu m'thumba la yunifolomu, sangaigwiritse ntchito m'bulangeti osaonekera kuwala. Izikhala pakabati pa agogo, aziitenga akamaliza kutsuka mbale. Bandulo muzimugulira inu nokha pa Airtel Money kapena Mpamba kudzera mwa ine, yochepa, ya Loweruka ndi Lamulungu. Mumuuze nokha lamulo limeneli kanthuko kasanafike. Likachokera kwa ine adzati aphunzitsi ndi ovuta.

Ngati ndalama imene muli nayo ikungokwanira kopanda dzina kamene mwaonako, musagule. Tumizani ndalamayo pa Mukuru, ndikamugulire mabuku awiri atatu amene akumusowa, ndimujambulitsire mapepala akale ku boma, yotsalayo tigule nyale ya sola. Adzakhoza nazo bwino kuposa ndi kanthu koti kazimuumira m'manja pakati pa funso. Koma ngati mungapirire miyezi iwiri n'kuonjezera pang'ono kuti mupeze kolowa SIM ka dzina lodziwika, gulani, ndipo musachedwe, chaka cha Fomu 4 chimathamanga.

Ndikuuzeni chimene chandipangitsa kuti ndisakukanizeni kotheratu. Tsiku lija munaimba pa vidiyo pa foni yanga, mutadula mayi anu anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mawu ndi ake ndithu, koma nkhope sindinaione bwino. Wanenepa kapena waonda?" Maso awo afooka, achimwene. Baibulo lawo anasiya kuwerenga chaka chatha, amadikira Tadala awawerengere. Pa tabuleti zilembo zimakula mmene ukufunira, ndipo Baibulo la Chichewa limaikidwamo n'kumawerengeka popanda intaneti. Nkhope yanunso idzakhala yaikulu ngati chikhatho, adzaziona okha ndevu zimene ndinawauza kuti mwayamba kusunga, poti sakukhulupirira.

Mukapita kusitoloko, jambulani kumbuyo kwa bokosi munditumizire musanalipire. Ine Lachitatu ndimaweruka msanga, ndidzakhala ndikudikira. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa anyamata a kwathu amene mumakumana nawo kutchalitchi. Mayi anu akutinso nsapato za Tadala ndi saizi 6 tsopano, osati 5.

Ndine mnzanu,
Mbewe